Basera

Dalaivi ndidagula ku Limbe, Lachiwiri lamvula.
M'katoni, pansi pa zingwe, mudali chimbale
m'kaenvulopu koyera kopanda ngakhale chithunzi.
Wogulitsa adati, "Ameneyo ndi basera,
pulogalamu yowotchera zimbale, musalipirenso."
Ndidaseka ngati wowonjezeredwa chinanazi pa mulu.

Ku Chitakale, m'kagolosale kakale ka a Muhiwa,
basera adagwira ntchito, ndisamunamizire.
Nyimbo za kwaya, maulaliki a pa Pasaka,
mayeso akale a ana a sekondale,
zonse zinkatuluka zofunda ngati zitumbuwa.

Kenaka kudabwera mayi Nakhumwa
ndi vidiyo ya chiliza cha amuna awo.
"Izioneka pa kanema wa kunyumba," adatero,
"ikhale ndi tsamba loyamba, nkhope yawo pamenepo,
ndizisankha ndekha mapemphero kapena nkhata,
koma pomwe alamu adalankhula motalika paja
ndizidumphapo."
Ndidasaka batani lake. Lidalipo,
lotuwa ngati Sapitwa tsiku la chiperoni:
umadziwa kuti phiri lilipo, kukwera ayi.
Ndikadina, kabokosi kankandiyankha mwaulemu:
izi n'za pulogalamu yathunthu, kaguleni.
Mayi adamanganso vidiyo yawo pa nsonga ya chitenje
nakwera minibasi ya ku Luchenza.

Mu Januwale mphenzi idalowa ndi waya.
Dalaivi idanunkha ngati tayala lopsa.
Ndidagula ina, ya kampani ina, yotsikirako mtengo,
koma basera adaiyang'ana nati, sindikudziwa.
Ndidazimitsa, kuyatsa, kuzimitsanso.
Sindikudziwa.
Iye adabwera ndi dalaivi yakufayo,
ndipo adaitsatira kumanda.

Usiku umenewo ndidakumbuka bambo.
Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri akuthyola tiyi,
nyumba ya pa esiteti tinkaitcha yathu.
Tidadzala mapeyala kuseri, mayi adazira khonde,
ine ndidalemba dzina langa pa chitseko ndi msomali.
Tsiku lomwe msana wawo udakana dengu,
kapitawo adabwera kudzatenga kiyi.
Sadakalipe. Adangotambasula dzanja.
Nyumbayo idali basera wa ntchito.

Yathunthu ndidaiona pa shelefu, m'katoni yakeyake,
yokutidwa ndi pulasitiki wonyezimira,
mtengo wake lendi ya miyezi iwiri.
Ndidasiya soda, ndidayenda wapansi kusiya kabaza,
mpaka mu Julaye ndidabwera nayo m'jumbo
nditaifungatira ngati khanda lochokera ku sikelo.
Mkati mudali buku lonenepa
ndi nambala yaitali, kiyi wanga ndekha.
Ndidaikopera kuseri kwa kalendala,
m'Baibulo, komanso pansi pa tebulo.

Mabatani onse adayaka.
Vidiyo, tsamba loyamba, chikuto cha chimbale,
kuchotsa phokoso la mphepo pa mawu a mbusa,
ndi ena khumi ndi awiri
omwe mpaka lero sindidziwa ntchito yake.
Dalaivi iliyonse imailandira, siifunsa kwawo.

Koma anyamata a kabaza tsopano amabwera ndi memole,
kanthu kochepa ngati chikhadabo.
"Tiponyereni nyimbo, achimwene, zimbale n'zakale."
Zimbale makumi asanu zopanda kanthu
zikudya fumbi pamwamba pa kabati.
Zowonongeka zija a Muhiwa adazimangirira m'dimba,
zikuopseza mbalame,
ndipo chimbale cha basera chili pomwepo,
chikuzungulira pa ulusi, kuthwanima kuposa zinzake.

Dzulo ndidakumana ndi mayi Nakhumwa pa msika.
Akuti ya ku Luchenza idakandika,
imaima pomwe alamu ayamba kulankhula
ndipo sichokapo.
Ndawauza abwere Lachisanu, magetsi akakhalapo.
Sindiwalipiritsa.
Akafunsa chifukwa, ndidzangoti basera.